Mmene mungasefere nkhani za achimpanzi musanasheye pa gulupu

Mavidiyo a achimpanzi amayenda kwambiri pa Facebook, TikTok ndi m'magulupu a WhatsApp, ndipo kawirikawiri amabwera ndi kanyimbo kachisoni ndi timawu pansi pake, ati chimpanzi akulira maliro a mwana wake, ati akuthokoza munthu amene anamupulumutsa, ati iyeyu ndi ife kusiyana kwake ndi 1 peresenti yokha, ati nyama zimenezi sizidziwa nkhanza, nkhanza ndi za anthufe basi. Zina mwa zimenezi ndi zoona ndithu, zina zili ndi kachoonadi koma zakokomezedwa, zina ndi zopeka, nde vuto ndi loti zonse zimafika pafoni mofanana ndipo munthu umangodina kusheya mtima ukadali m'mwamba.

Ndinene poyera kuti ine ndili mbali ya nyamazi. Chimpanzi sayenera kumangidwa tcheni kuseri kwa nyumba ya munthu, sayenera kuvekedwa suti kuti aseketse anthu pa TV, ndipo nkhalango zake siziyenera kutha. Koma chifukwa chomwecho ndimada nkhawa ndikaona mapeji kapena mabungwe omenyera ufulu wa nyama akuwonjezera nkhani, chifukwa munthu akakugwira bodza limodzi amataya ndi zoona zomwe unanena, ndipo woluza pamenepo ndi chimpanzi yemweyo.

Yambani ndi kufunsa ngati nyamayo ilidi chimpanzi, komanso kuti ili kuti. Zikumveka zophweka koma ambiri amagwera pomwepa. Ku Malawi kuno kulibe achimpanzi akutchire, amene timawaona akuba chimanga kapena atakhala m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba ndi anyani ndi apusi, amene ali ndi mchira pomwe chimpanzi alibe. Achimpanzi akutchire amapezeka kuyambira ku Senegal, kudutsa nkhalango za pakati pa Africa, mpaka ku Uganda ndi kumadzulo kwa Tanzania. Palinso abale awo abonobo omwe amapezeka ku DR Congo kokha, kum'mwera kwa mtsinje wa Congo, amafanana kwambiri moti pa vidiyo ya masekondi 30 simungawasiyanitse msanga, koma khalidwe ndi lina, kwa abonobo aakazi akagwirizana amagonjetsa aamuna ndipo kuphana n'kosowa kwambiri. Nde mukamva zoti achimpanzi amathetsa mikangano yonse mwamtendere, onani kaye ngati wolembayo sanatenge nkhani ya abonobo.

Mukatsimikiza kuti ndi chimpanzi, funsani ngati ali kutchire, kumalo osungirako nyama zopulumutsidwa, ku zuu, kapena m'nyumba ya munthu. Kachimpanzi kovala thewera, kakumwa mkaka wa m'botolo, kakukumbatira munthu, ndi khanda lomwe lilibe mayi wake pafupi. Kutchire mwana amayamwa mpaka zaka 4 kapena 5 ndipo sachoka pathupi pa mayi, nde kukumbatirako ndi njala ya mayi imeneyo, sikukuuzani chilichonse za mmene adzakhalire akakula.

Kenako funsani kuti anaona ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, pa nyama zingati. Zomwe timadziwa zolimba za achimpanzi zinachokera kwa anthu amene anakhala m'nkhalango zaka zambirimbiri akulondola gulu limodzi ndi kulemba zomwe likuchita tsiku ndi tsiku. Jane Goodall anafika ku Gombe, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, mu July 1960. Chaka chomwecho anaona chimpanzi wamwamuna amene anamutcha David Greybeard atakhala pa chulu, akulowetsa kaudzu m'kabowo, kudikira pang'ono, kenako kukasolola mosamala chiswe chitaluma kaudzuko, n'kumachitola ndi milomo. Pambuyo pake anaona achimpanzi akuthyola kanthambi n'kupulula masamba kuti kalowe bwino, kutanthauza kuti akupanga chida, chinthu chomwe nthawi imeneyo asayansi ankati ndi cha munthu yekha. Ku Mahale, ku Tanzania komweko, Toshisada Nishida wa ku Japan anayamba mu 1965. Ku nkhalango ya Taï ku Côte d'Ivoire, Christophe Boesch anayamba mu 1979 ndipo kumeneko achimpanzi amaswa mtedza wolimba ndi miyala kapena zibonga zamitengo, luso lomwe mwana amatenga zaka kuti alidziwe. Mu 1999 ofufuza a malo ngati amenewa anaphatikiza zolemba zawo m'magazini ya Nature ndipo anapeza makhalidwe 39 omwe ali ofala m'magulu ena koma kwina kulibe. Nde wina akanena kuti achimpanzi ali ndi zida komanso miyambo yophunzira kwa anzawo, ameneyo akunena zoona, sheyani mosaopa. Koma positi yopanda dzina la malo, yopanda chaka, yongoti "asayansi apeza", iikeni pambali kaye. Lembani pa Google dzina la nyamayo kapena la malowo pamodzi ndi chaka, nkhani yeniyeni imatuluka ndi dzina la wofufuza ndi yunivesite yake.

Tsopano nkhani yomwe imavuta kwambiri, yoti achimpanzi ndi ofatsa ndipo nkhanza anaziphunzira kwa anthu. Iyi ndi yabodza, ndipo amene anayamba kuziwona nkhanzazo ndi Goodall yemwe, munthu amene anawakonda moyo wake wonse. Ku Gombe gulu linagawanika pawiri, la Kasakela kumpoto ndi la Kahama kum'mwera. Mu January 1974 aamuna a Kasakela anazembera m'dera la anzawo, anapeza wamwamuna wina dzina lake Godi akudya yekha mumtengo, anamugwetsa n'kumumenya koopsa, ndipo sanawonekenso. Zinapitirira choncho mmodzimmodzi mpaka pofika 1978 gulu la Kahama linali litatha, ndipo ophawo ndi ophedwawo ena anakulira limodzi. M'zaka zomwezo wamkazi wina, Passion, ndi mwana wake Pom ankalanda makanda a anzawo n'kuwadya.

Apa panabuka funso labwino ndithu, lomwe muyenera kulidziwa chifukwa mudzakumana nalo. Ku Gombe ofufuza ankapatsa achimpanzi nthochi kuti aziyandikira, nde ena anati mwina nthochizo ndi zomwe zinawaunjika pamodzi n'kuyambitsa ndewu, mwinanso kudulidwa kwa nkhalango. Funsoli sanalisiye m'malere, analiyesa. Mu 2014 Michael Wilson wa ku University of Minnesota ndi anzake ambiri anasonkhanitsa zolembedwa za magulu 18 a achimpanzi pa zaka zoposa 50, anapeza milandu 152 ya kuphana, kuphatikiza yomwe inawonedwa ndi maso, yomwe inadziwika ndi mabala, ndi yongoganiziridwa. Kuphanako sikunayenderane ndi kupatsidwa chakudya kapena kusokonezedwa ndi anthu, kunayenderana ndi kuchuluka kwa aamuna pagulu ndi kuthinana kwa nyamazo pamalo. Ku Ngogo, m'nkhalango ya Kibale ku Uganda, komwe sanapatsidwepo nthochi, John Mitani ndi David Watts analemba achimpanzi 21 a magulu oyandikana omwe anaphedwa pakati pa 1999 ndi 2008, kenako gulu la Ngogo linakulitsa dera lake ndi 22 peresenti kulowera mbali yomwe linkapha kwambiri.

Koma musalumphire mbali inayo ayi, chifukwa aliponso anthu amene amatenga nkhani zomwezi n'kumati chimpanzi ndi chilombo chokonda magazi. Imfa 152 pa magulu 18 pa zaka zoposa 50 zikutanthauza kuti masiku ambiri palibe amene akupha mnzake. Tsiku la chimpanzi limathera pa kusaka zipatso, kupuma, kutolana zitsotso m'ubweya, ndipo madzulo aliyense amayala chisa chake mumtengo. Akamenyana amagwirizananso, amakumbatirana, ndipo ku Taï Boesch analemba ana amasiye 18 omwe analeredwa ndi ena, theka lawo ndi aamuna akuluakulu amene ankawadikira panjira, kuwagawira chakudya, ena mpaka kuwabereka kumsana. Chimpanzi yemweyo amene amalondera malire n'kupha mlendo ndi amene amalera wamasiye. Positi yomwe ikukupatsani mbali imodzi yokha, kaya yabwinoyo kaya yoipayo, yakubisirani theka.

Za zakudya ndidutsepo msanga. Ati sadya nyama, bodza. Chakudya chawo chachikulu ndi zipatso ndi masamba inde, nyama ndi gawo laling'ono, koma amasaka, makamaka apusi ofiira a mtundu wa colobus, ndipo ku Fongoli ku Senegal Jill Pruetz mu 2007 analemba za achimpanzi osongola ndodo ndi mano n'kumazibaya m'mphako kusaka changa.

Chomwe ndimachiona chothandiza kwambiri pa vidiyo ndi ichi, zimitsani mawu, phimbani timawu ta pansipo ndi chala, muwonere kawiri, kenako munene zomwe maso anu aona basi osati zomwe mwauzidwa kuti mumve. Chimpanzi woonetsa mano onse, akumwamba ndi akumunsi, milomo itakokedwa, anthu amati akumwetulira, pomwe nthawi zambiri ndi mantha kapena kugonjera wamkulu, ndipo "kumwetulira" kwa achimpanzi a m'zotsatsa malonda n'kumeneko. Akamasewera amatsegula pakamwa mano akumwamba ataphimbika, n'kumapumira mwawefuwefu, kumeneko ndiye kuseka kwawo. Komanso chimpanzi satulutsa misozi ya chisoni, amakuwa, amadandaula ndi mawu, nde chithunzi cha misozi ikuyenderera patsaya chikhale chokukayikitsani.

Sikuti mavidiyo onse okhudza mtima ndi abodza. Ilipo ya Mama, chimpanzi wa zaka 59 wa ku Burgers' Zoo mumzinda wa Arnhem ku Netherlands, yojambulidwa mu 2016 atatsala masiku ochepa kufa. Wadzipinda pa udzu, akukana chakudya, kenako akuzindikira kuti amene wagwada pambali pake ndi pulofesa Jan van Hooff amene anadziwana naye kuyambira 1972, nkhope yonse ikutseguka, akulira timawu, akutambasula dzanja n'kumusisita tsitsi, kumukokera pafupi n'kumamugunda pang'onopang'ono kumbuyo kwa khosi, mmene achimpanzi amatonthozera mnzawo. Iyi ili ndi dzina, malo, chaka, ndi mboni yomwe ntchito yake inali yofufuza nkhope za nyama zomwezi. Kuti anamuzindikira ndipo anasangalala, palibe chokayikitsa. Koma wina akawonjezera kuti ankadziwa kuti akufa nde amatsanzika, pamenepo wachoka pa zowoneka walowa pa zoganiza, ndipo inu muzitha kuona pomwe mzerewo wadutsa.

Chimodzimodzi nkhani ya maliro. Ku Chimfunshi, kufupi ndi Chingola ku Zambia, malo omwe David ndi Sheila Siddle anayambitsa mu 1983 atalandira kachimpanzi kovulala, kunamwalira wamwamuna wa zaka 9 dzina lake Thomas. Wamkazi wina, Noel, amene anamulera mayi wake atafa, anatsalira pa mtembo anzake atapita ku chakudya, anatenga kaudzu kolimba, anatsegula pakamwa pa Thomas n'kuyamba kumuchotsa zotsalira m'mano mosamala, mwana wake wamkazi akuyang'ana. Ofufuza anazijambula ndipo anazisindikiza mu 2017. Ku Bossou ku Guinea amayi awiri ananyamula mitembo ya ana awo, wina masiku 19 wina masiku 68, mpaka inauma. Zimenezi zinachitikadi ndipo zikuonetsa kuti imfa ya wapafupi imawakhudza. Zomwe sizinawonedwe ndi mwambo wa maliro, kukumba manda, kapena kuyika maluwa. Ndipo nkhani ya Noel ndi ya nyama imodzi tsiku limodzi, musaisandutse "achimpanzi amasambitsa akufa awo".

Manambala ndi amene amanamiza kwambiri chifukwa amaoneka ngati sangatsutsidwe. Lija la 98 kapena 99 peresenti ya DNA lili ndi gwero lenileni, mu 2005 asayansi atawerenga DNA ya chimpanzi anapeza kusiyana kwa 1.23 peresenti pa zigawo zomwe zingaikidwe pambali ndi zathu chilembo ndi chilembo, koma mukawerengera zidutswa zomwe wina ali nazo wina alibe, kufananako kumatsikira cha ku 96 peresenti. Onsewo ndi oona malinga ndi mawerengedwe, koma palibe limene likutanthauza kuti maganizo ake ndi 99 peresenti a munthu. Lina ndi loti ali ndi mphamvu kuposa munthu ka 5 kapena ka 8, lomwe linachokera ku kuyesa kwa m'ma 1920 komwe ena atabwereza sanapeze zomwezo, kafukufuku wa 2017 anapeza kuti minofu yawo imaposa yathu cha ku ka 1.35 pa kukula kofanana, zomwe n'zokwanirabe kuvulaza munthu koopsa. Palinso vidiyo ya Ayumu wa ku Kyoto University ku Japan, 2007, manambala akuwonekera pa sikirini kwa gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi n'kuphimbika, iye n'kumadina malo ake mwandondomeko kuposa ophunzira a pa yunivesite. Ndi zoona, koma Ayumu anali atayeserera nthawi yaitali pomwe ophunzirawo ayi, ndipo ofufuza ena atapatsa anthu mpata woyeserera anafika pomwepo.

Muzisiyanitsanso nambala yowerengedwa ndi yoyerekeza. Lipoti la United Nations la 2013 lokhudza kuzembetsa achimpanzi, abonobo, agorila ndi aorangutan linapeza pafupifupi 1,800 olembedwa kuti anagwidwa pakati pa 2005 ndi 2011, kenako linayerekeza kuti otayika onse ndi oposa 22,000 powerengera osagwidwa ndi amene amaphedwa poteteza khanda. Kuyerekezako kuli ndi maziko, palibe mayi wa chimpanzi amene amapereka mwana ali moyo, koma posheya nenani kuti ndi kuyerekeza. Olo chiwerengero cha otsala kutchire chimaperekedwa motambasuka, pakati pa 170,000 ndi 300,000, nde wokupatsani nambala yeniyeni mpaka yomaliza mufunseni anaitenga kuti.

Pa zoti amayankhula chinenero cha manja, mayina awiri muwadziwe. Washoe anayamba kuphunzitsidwa mu 1966 ndi Allen ndi Beatrix Gardner ku Nevada ndipo anadziwa zizindikiro zambiri. Nim Chimpsky, wa Herbert Terrace wa ku Columbia University, anadziwa 125. Terrace ankafuna kutsimikizira kuti Nim akupanga ziganizo, koma atawonera mavidiyo pang'onopang'ono anapeza kuti nthawi zambiri mphunzitsi ndi amene ankayamba chizindikiro, Nim n'kumutsanzira kuti apatsidwe chomwe akufuna, ndipo mu 1979 analengeza zimenezi m'magazini ya Science. Nde zizindikiro amaphunzira inde, kupempha amatha, koma kucheza ngati munthu sikunatsimikizike. Chomwe chimandiwawa pa nkhani ya Nim ndi china, pulojekiti itatha anabwezedwa ku Oklahoma komwe anabadwira, kenako anagulitsidwa ku labu yoyesera mankhwala, mpaka anthu atachita phokoso ndi pomwe anachotsedwako n'kukafera ku malo osungirako nyama ku Texas mu 2000. Apa omenyera ufulu wa nyama sakusowa kukokomeza kalikonse. Ndipo kutchire achimpanzi ali ndi njira zawo zolankhulirana, ku Budongo ku Uganda Catherine Hobaiter ndi Richard Byrne analemba zizindikiro za thupi 66 zomwe amagwiritsa ntchito mwadala.

Mitu ya nkhani za kukhoti muziwerenga mpaka pansi. Bungwe la Nonhuman Rights Project linayamba milandu ku New York mu 2013 m'malo mwa achimpanzi Tommy, Kiko, Hercules ndi Leo. Mu April 2015 mitu inayenda dziko lonse yoti jaji wavomereza kuti Hercules ndi Leo ndi anthu pamaso pa lamulo, pomwe jaji Barbara Jaffe anangolamula kuti mbali zonse zibwere zimvedwe, ndipo mu July chaka chomwecho anakana pempholo. Komwe zinathekadi ndi ku Mendoza ku Argentina, mu November 2016, khoti linalamula kuti chimpanzi wina dzina lake Cecilia achoke ku zuu ndipo mu 2017 anapita ku malo osungirako nyama ku Brazil. Chigamulocho chinali cha Cecilia, osati lamulo la dziko lonse lapansi. Muziyang'ananso chaka cha chithunzi, ku America bungwe la boma la NIH linalengeza mu 2015 kuti lasiya kuthandiza kuyesera mankhwala pa achimpanzi, nde chithunzi chakale cha mu labu chikabwera ngati cha dzulo ndi pempho la ndalama pansi pake, funsani kaye.

Funso lina lomwe ambiri safunsa ndi loti, anthu okhala pafupi ndi nyamazi ali pati mu nkhaniyi? Kumadzulo kwa Uganda, cha ku Hoima ndi Kagadi, nkhalango zinadulidwa kukhala minda, achimpanzi anatsala m'tizidutswa ta mitengo, amalowa m'minda ndi m'midzi, ndipo ana aang'ono agwidwapo ena mpaka kufa. Amene amakhala m'malire a Kasungu kapena Liwonde akudziwa mmene zimapwetekera munthu wakutali akamakuuza kuti njovu ndi yofatsa iwe utagona panja kulondera munda. Peji yomwe imabisa zimenezi ikunamiza, ndipo imachititsa kuti anthu akumudziko adane ndi oteteza nyama. Nkhani ya chimpanzi wina dzina lake Travis ku Connecticut ku America mu 2009 ndi yomweyo mbali ina, analeredwa m'nyumba ngati mwana, ali ndi zaka 13 anavulaza koopsa mayi wina nkhope ndi manja, apolisi n'kumuwombera.

Pomaliza penipeni posheya. Lembani dzina la malo, chaka, ndi zomwe zikuwoneka, zoganiza zanu muzinene kuti ndi zanu. Ndipo mavidiyo a chimpanzi wovala zovala, wosuta fodya, kapena ali m'manja mwa munthu pabalaza musawasheye olo cholinga chanu chikhale chowadzudzula. Steve Ross wa ku Lincoln Park Zoo ku Chicago anafunsa alendo mu kafukufuku wosindikizidwa mu 2008, 95 peresenti anati agorila ali pangozi yotha, koma pa achimpanzi ndi 66 peresenti yokha, ndipo chifukwa chomwe ambiri anapereka ndi choti amawaona pa TV ndi m'mafilimu nde ayenera kuti alipo ambiri. Mukadzapita kukawaona, kaya ku Gombe, Mahale kapena Kibale, tsatirani mtunda womwe okutsogolerani akuuzeni, valani masiki, ndipo mukakhala ndi chimfine musalowe m'nkhalango chifukwa matenda athu a m'chifuwa aphapo achimpanzi ambiri. Malo amene akukupatsani khanda kuti mulinyamule mujambulitse, musalipire, funsani komwe kuli mayi wake.